Ndithandizeni za Yosef Yoel Rivlin, mphunzitsi amene anamasulira Qur'an m'Chiheberi

Akuluakulu, ndikukonza nkhani yoti ndikakambe ku kalasi yathu ya zomasulira mabuku opatulika, ndipo ndasankha Yosef Yoel Rivlin. Bamboyu anabadwira ku Jerusalem mu 1889 n'kumwalira mu 1971. Anayamba ngati mphunzitsi, anaphunzitsako ana a Ayuda ku Damascus, kenako anakachita maphunziro a Chiarabu ku Frankfurt asanayambe kuphunzitsa pa Hebrew University. Ambiri amangomudziwa monga bambo wake wa Reuven Rivlin, pulezidenti wa Israel kuyambira 2014 mpaka 2021, zomwe kwa ine n'kumuchepetsa.

Chandikoka mtima ndi Qur'an yake ya m'Chiheberi, imene inatuluka ku Tel Aviv mu 1936. Sanali woyamba ayi, Hermann Reckendorf anali atamasulira kale mu 1857. Rivlin anailemba m'Chiheberi chonga cha m'Baibulo, ndipo mlakatuli Bialik anamuthandiza pa ntchitoyi asanamwalire mu 1934.

Tsono funso langa lagona apa. Inu odziwa Chiheberi ndi Chiarabu, kodi kusankha chilankhulo cha aneneri kunasunga kukoma kwa ma sura (machaputala) afupiafupi a kumapeto kwa Qur'an aja, kapena kunachititsa kuti Qur'an izimveka ngati Yesaya? Nanga Asilamu a ku Palestine a nthawiyo anailandira bwanji?

Amene ali ndi buku la Chingerezi lofotokoza zimenezi, chonde anditchulire dzina lake, chifukwa Chiheberi changa n'cha ku koleji ya ubusa basi.