Ndithandizeni nzeru: ndandanda wanga wa ndiwo ukumathera panjira pofika Lachinayi

Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndabisa dzina chifukwa alamu anga ena ali momwe muno. Ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo pakhomo timadya anthu asanu ndi mmodzi: ine, bambo a kunyumba, ana atatu ndi mwana wa achemwali anga amene akuphunzira kuno. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya chakudya siikumananso ndi malipiro a mwezi wotsatira.

Nditakhala pansi ndinaona kuti chikundidyera ndalama ndi kugula mwapang'onopang'ono. M'mawa ndimatuma mwana kukagula mafuta oyeza a m'kachubu, masana mulu wa tomato ndi anyezi mmodzi, madzulo kathumba ka makala, ndipo chenji chake sichibwerera chonse. Choncho ndinalemba ndandanda kuseri kwa kalendala yakale n'kuumata pachitseko cha khitchini. Lolemba timadya nyemba, Lachiwiri usipa ndi mpiru, Lachitatu nyama ya soya, Lachinayi nkhwani wotendera, Lachisanu mazira, Loweruka bonya, ndipo Lamulungu nkhuku tikaweruka kutchalitchi. Zonse ndimakagula Loweruka m'mawa kumsika.

Masabata awiri oyamba zinayenda, koma tsopano zikumasokonekera. Pofika Lachitatu masamba amakhala atafota, tomato wapansi m'beseni atayamba kutuluka madzi, ndipo firiji sindingaidalire ndi mmene magetsi amazimirazimira. Nyemba nazonso zimatha makala moti phindu lake sindikuliona. Tsiku la nkhwani bambo amangotsina mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, kenaka amatulutsa ndalama kuti mwana akagule mazira, ati masamba okha si ndiwo. Sabata yatha kunafikanso alendo atatu ochokera kumudzi amene anabwera kudzaona wodwala kuchipatala, ndipo usipa wa masiku awiri unatha usiku umodzi. Mlendo sitingamubweze, koma kodi inu amene mumatsata ndandanda mumatani kuti ufike Lamulungu?

Yankho loyamba

Mwana wanga, ndandanda wanuwo ulibe vuto, koma mwaphatikiza zinthu zouma ndi zovunda pa ulendo umodzi. Nyemba, usipa, soya, mchere, mafuta ndi mtedza wa nsinjiro muzigula kamodzi malipiro akangotuluka, pomwe masamba muzigula kawiri pa sabata, ndipo aja ofota msanga monga nkhwani ndi bonongwe muziyambira iwo, kabichi azitsalira kumapeto. Posankha tomato musatenge wakupsa yekhayekha. Sakanizani ndi wosapsetsa, ndipo muzimuyala pa lichero m'malo momuunjika m'beseni. Nyemba muziziviika m'madzi usiku wonse, zimapsa msanga, ndipo muziphika za masiku awiri pa moto umodzi, n'kuziwiritsanso bwinobwino madzulo ndi m'mawa kuti zisasase. Nyengo ya dzinja masamba akachuluka, futsani nkhwani ndi chitambe; mfutso wotendera umandipulumutsa ine chaka chilichonse mu Okutobala.

Yankho lachiwiri

Mayi, ine ndine bambo, ndipo ndikuvomera kuti tsiku la masamba okha ambirife nsima siitsika. Kwathu tinagwirizana kuti tsiku limenelo pazikhala kambale ka bonya pambali, ngakhale kochepa, ndipo zimenezi zimatchipa kusiyana ndi mazira ogula mwadzidzidzi pa okala. Chinanso, ndandandawo mulembe nawo limodzi bambowo atagwira okha cholembera, chifukwa munthu savuta kudya chimene wasankha yekha. Simunatchule za ufa, koma ndalama zambiri zimalowa kumeneko. Ngati mungathe, gulani matumba a makilogalamu 50 nthawi yokolola, cha mu Meyi kapena Juni, muthire mankhwala oteteza ku anankafumbwe, popeza pofika Januwale ndi Febuluwale mtengo umakhala utakwera. Mgaiwa umachulukanso kusiyana ndi ufa woyera, chifukwa pokonola chimanga china chimapita ku madeya.

Mwini funso

Zikomo kwambiri nonse. Zoviika nyemba ndiyamba usiku uno, ndipo bonya wapambaliyo ndimuyesa Lachinayi likubwerali. Chimanga timagula cha m'ndowa mwezi ndi mwezi chifukwa nyumba ya lendi ndi yaing'ono, koma ndikambirana ndi amayi kumudzi ku Dowa kuti azitisungira. Nkhani ya alendo ndiyo sinayankhidwebe. Kodi mumapatula ndiwo zawo padera mwezi ukamayamba, kapena mumangosintha ndandanda wa sabata imeneyo iwo akafika?