Ndithandizeni: mtengo weniweni wa mamendulo a ku Mongolia ndiudziwa bwanji?

Wa ku Leicester:

Akuluakulu, moni nonse. Funso langali si la masiku onse pa gulu lino, koma tilipo ambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti alipo wina amene amasunga zinthu zakale, kaya ndalama zachitsulo, masitampa kapena mamendulo, woti angandiunikire.

Ine ndimatolera mamendulo a boma la Mongolia, makamaka a nthawi ya chikomyunizimu, kuyambira 1924 mpaka 1992. Mwina mufunsa kuti Mmalawi ndi Mongolia zikukumana pati. Agogo anga aamuna anali msilikali wa King's African Rifles ndipo anamenya nawo nkhondo ku Burma mu 1944, ndiye ndinayamba kufunafuna mamendulo a mayiko amene analimbana ndi Japan. Ndi mmene ndinapezera mendulo ya ku Mongolia ya 1945, ija imatchedwa Bid Yalav. Mongolia inalengeza nkhondo ndi Japan pa 10 Ogasiti 1945, ndipo asilikali ake a pa mahatchi anadutsa chipululu cha Gobi limodzi ndi a Soviet Union kulowera kumpoto kwa China. Nditawerenga zimenezo ndinabwerera m'mbuyo kufika pa nkhondo ya ku mtsinje wa Khalkhin Gol ya 1939, kumene Georgy Zhukov, mkulu wa asilikali wa ku Soviet Union, anatsogolera asilikali a dziko lake ndi a Mongolia n'kugonjetsa Japan. Kuchokera pamenepo mtima wanga unakhazikika pa Mongolia.

Pano ndili ndi Bid Yalav ija, mamendulo okumbukira Khalkhin Gol a 1969 ndi 1979, komanso Order of the Polar Star imodzi ya mtundu wam'mbuyo muno, ya phini kumsana.

Tsono chandibweretsa ndi ichi. Munthu wina amene ndinakumana naye pa msika wa zinthu zakale akundigulitsa Polar Star ina, yakale, ya sikuluwu ndi nati kumsana m'malo mwa phini. Ndinaigwira m'manja. Ndi yolemera bwino, siliva wake wada m'mikwingwirima, ndipo pakati pali chizindikiro cha dziko cha munthu wokwera hatchi. Kumsana kuli chidindo cha MONDVOR m'zilembo za Chirasha, ndi nambala yozokota. Pa nsonga imodzi enamel yake, galasi lija amakutira pamwamba pa chitsulo, yathetheka pang'ono, ngati kambewu ka mpiru. Palinso kabuku kake kokhala ndi dzina la mwini wake. Akufuna mapaundi 300 ndipo akuti mtengo wa zinthuzi ukukwera chaka ndi chaka, ndikachedwa ndidzaigula modula.

Ndikayang'ana pa intaneti mutu umangozungulira. Mendulo zooneka zofanana, wina waika mtengo wotsika kwambiri, wina waika wowirikiza kangapo. Ndiye ndikufunsa: inu amene mumatsata misika ya zinthu zotere, mtengo weniweni mumaudziwa bwanji? Mumalemba pati, ndipo mumalemba chiyani kuti pakatha zaka muone ngati katundu wanu wakwera kapena watsika? Nanga kabuku kaja kamawonjezeradi mtengo? Sindikufuna kulemera nazo, ndimazikonda basi, koma ndalamayi ndimaikhetsera thukuta usiku ku ntchito, ndiye sindikufuna kuitaya.

Mai a Tadala:

Achimwene, mapaundi 300 pa kachitsulo kamodzi! Ine za mamendulo sindizidziwa, koma wogulitsa aliyense amene akukufulumizitsani ndi mawu akuti "mawa ikwera" muzimumvera ndi khutu limodzi. Dikirani odziwa ayankhe kaye.

Mkulu wa Masitampa:

Achimwene a ku Leicester, mwafunsa bwino. Ine ndinayamba ndi masitampa a Nyasaland, kenako ndinalowa m'mamendulo a mayiko a kum'mawa, ndiye ndikuuzani mmene ndimachitira.

Mitengo imene ikukuzunguzani mutuyo ndi mitengo yopempha. Munthu akhoza kuika mendulo pa eBay n'kulemba mtengo uliwonse umene walota, n'kukhala pamenepo zaka osagulidwa. Chimene muyenera kutsata ndi ndalama imene wina anatulutsadi m'thumba. Pa eBay pali posankha kuti muone zokhazo zimene zinagulidwa, koma zimangoonetsa za masiku pafupifupi 90 apitawa, ndiye mukapanda kukopera nokha zimafufutika. Chenjeraninso ndi zija mtengo wake wadulidwa ndi mzere. Pamenepo wogulitsa anavomera ndalama yocheperapo, ndipo nambala imene mukuionayo si imene inalipidwa. Nyumba za okushoni za ku London ngati Spink ndi Noonans zimasunga zotsatira za malonda awo akale pa intaneti, ndipo kumeneko mukhoza kubwerera zaka zambiri. Koma kumbukirani kuti mtengo wa nyundo, uja woyendetsa okushoni amatsekera malonda, si umene wogula analipira. Pamwamba pake pamabwera gawo la nyumba ya okushoni, lomwe nthawi zambiri limapitirira 20 peresenti, ndipo wogulitsa nayenso amadulidwa lake. Ndiye pa mendulo imodzi yomweyo pali ndalama zitatu zosiyana: ya nyundo, imene wogula anatulutsa, ndi imene wogulitsa anapita nayo kunyumba. Mukafuna kudziwa kuti katundu wanu ndi wa ndalama zingati, yang'anani yachitatuyo.

Ine ndimalemba mu Excel. Mzere uliwonse ndi malonda amodzi amene anachitikadi: tsiku, kumene inagulitsidwa, mtundu wa mendulo, nambala yake, ngati enamel ili yonse, ngati nati ndi yake yomwe, ngati pali kabuku, ndi mtengo m'ndalama imene inagulitsidwira. Chithunzi ndimasunganso, kumaso ndi kumsana komwe. Nambala ndi yofunika kwambiri chifukwa mendulo yomweyomweyo imabweranso pa msika patapita zaka, ndipo mukaiona kawiri pa mitengo iwiri, mwapeza umboni weniweni wa kumene msika walowera. Umboni wotere umaposa malonda khumi a mendulo zongofanana.

Ndipo mendulo zimene mukuti n'zofananazo kawirikawiri sizifanana. Polar Star inakhazikitsidwa mu 1936 ndipo yasinthidwa kangapo. Mongolia inayamba kusiya zilembo zake zakale zolemba chotsika m'munsi n'kutenga za Chirasha m'zaka za m'ma 1940, komanso chizindikiro cha dziko chinasinthidwa mu 1960, ndiye zolemba ndi chithunzi chapakati zimakuuzani nyengo imene inapangidwa. Za sikuluwu ndi zakale kuposa za phini. Chidindo cha MONDVOR chikusonyeza kuti inasulidwa ku fakitale yosula ndalama ya boma la Soviet Union, osati ku Ulaanbaatar, likulu la Mongolia. Mukasakaniza mitundu yonseyi m'gulu limodzi, n'chifukwa chake mitengo ikuoneka ngati yopenga. Ilekanitseni, muona kuti mtundu uliwonse uli ndi malire ake.

Chomaliza, msika wa Mongolia ndi waung'ono. Ogula ndi ochepa poyerekeza ndi a mamendulo a Britain kapena a Soviet Union. Anthu awiri okha akakanganirana mendulo imodzi usiku umodzi, mtengo umauluka, koma mwezi wotsatira ina yonga yomweyo imapita motsika chifukwa mmodzi wa awiri aja wakhuta kale. Ndiye musatenge mtengo wapamwamba kwambiri umene mwauona n'kumati ndiwo mtengo. Ndandalikani mitengo yonse kuyambira wotsika, mutenge wapakati.

Wa ku Leicester:

Bambo, zikomo kwambiri, mwanditsegula maso pa za nambala zija. Nanga za kabuku?

Mkulu wa Masitampa:

Kabuku kenikeni kamawonjezera mtengo ndithu, chifukwa kamasandutsa chitsulo kukhala mbiri ya munthu. Koma ndi pa kabuku pomwepo pamene pamachitikira chinyengo chambiri. Timabuku tosalemba tilipo pa msika, ndipo munthu akhoza kulembamo nambala ya mendulo imene ali nayo kuti ziwirizi zioneke ngati zinabadwira limodzi. Yang'anani ndi galasi lokuzira zinthu. Inki ya nambala ifanane ndi ya dzina ndi ya tsiku, dzanja lolemba likhale limodzi, pepala lisaoneke lopalidwa pamene pali nambala, ndipo chidindo cha boma chikhale pamwamba pa zolemba, osati zolemba pamwamba pa chidindo. Tsiku la m'kabuku ligwirizanenso ndi mtundu wa mendulo. Mendulo ya m'ma 1940 yokhala ndi kabuku kosindikizidwa m'zilembo ndi chizindikiro cha pambuyo pa 1960 ikufunika kufotokozeredwa bwino. Zimatheka kuti mwini wake anapatsidwa kabuku katsopano, koma wogulitsa anene zomveka.

Mnyamata wa ku Kanengo:

Ndiwonjezerepo za chitsulocho poti ntchito yanga ndi yosula. Maginito asakunamizeni. Siliva sakoka maginito, komanso mkuwa wopaka siliva sukoka, ndiye mayeso amenewo amangogwira chinyengo cha mbuli. Gulani kasikelo ka magalamu, muyeze popanda nati, muyerekeze ndi kulemera kwa zina za mtundu womwewo zimene nyumba za okushoni zimalemba. Mendulo yeniyeni inadindidwa ndi makina amphamvu, m'mphepete mwake ndi mwakuthwa ndipo tizilembo timaoneka bwinobwino. Yabodza nthawi zambiri amachita kuthira chitsulo chosungunula m'chikombole, ndiye imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono kumsana, mizere yake ndi yofooka, komanso imachepa pang'ono msinkhu chifukwa chitsulo chikazizira chimafota. Enamel yeniyeni ndi galasi lowotcha, n'chifukwa chake imathetheka. Kuthetheka kumene mwanenako kukhoza kutsitsa mtengo, koma ine kukundipatsa chikhulupiriro kuposa ikanakhala yosalala ngati yatsopano. Muunikenso ndi tochi ya UV, malo amene anamatapo pulasitiki pokonza amawala mosiyana. Ndipo chonde mukagula musaipukute ndi mankhwala kuti iwale. Kuda kuja otolera amakufuna.

Anaphiri a ku Joni:

Ine ndili ndi funso lina, mundikhululukire ngati ndikusokoneza. Kodi mtima wanu sukugunda pogula zinthu zimenezi? Ndinamva kuti ku Mongolia kuli mendulo imene boma limapatsa amayi obereka ana ambiri. Mayi walera ana asanu ndi atatu m'dziko lozizira chonchija, boma lamulemekeza, lero mendulo yake ili m'kabati ya mlendo amene akuwerengera ngati yakwera mtengo. Inuyo achimwene mungalole kuti ya agogo anu ya ku Burma ilembedwe mu Excel ya munthu wa ku Canada?

Wa ku Leicester:

Achemwali, simunasokoneze, funso lanulo ndi lolemera ndipo ndimaliganizira. Mendulo imene mukunenayo ilipodi, inakhazikitsidwa mu 1957, ndipo mpaka lero ikuperekedwa. Chikomyunizimu chitagwa mu 1990, moyo unathina kwambiri ku Mongolia, zakudya zinkagulidwa ndi makadi, ndipo mabanja ambiri anagulitsa zimene anali nazo. Ndikudziwa kuti mamendulo ena ali kuno chifukwa cha njala. Ya agogo anga sindingaigulitse, ndipo ikanakhala kuti inatayika ndikanafuna kuti ikhale ndi munthu wosunga dzina lawo pambali pake, osati wosungunula. Ndi chifukwa chake kabuku ndikukafuna kwambiri. Ndikufuna ndidziwe kuti munthuyo anali ndani, ndipo mwana wake atandipeza n'kuifuna, tikhoza kukambirana bwinobwino. Koma sindikana kuti ndalama ilowapo, n'chifukwa chake ndabwera kudzafunsa poyera.

Bambo a Chisomo:

Pa za ndalama ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, poti ambiri a ife tikagula chinthu kunja timathamangira kuchisintha m'makwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chinthu chimene munagula mapaundi 100 chisanafike chaka cha 2022, lero m'makwacha chioneka ngati chabereka, chonsecho ku London chikadali mapaundi 100 omwewo, mwinanso ochepera mukachotsa kukwera kwa zinthu. Lembani m'ndalama imene munagulira. Ngati mukuyerekeza malonda a ku America ndi a ku Britain, sinthani pa mtengo wa dola wa tsiku la malondawo, osati wa lero. Muwerengerenso ndalama yotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu, chifukwa pa mamendulo otsika mtengo ngati okumbukira Khalkhin Gol aja, zimenezi zokha zikhoza kulingana ndi mtengo wa menduloyo.

Mkulu wa Masitampa:

Bambo a Chisomo anena zoona. Ndiwonjezere kuti mamendulo okumbukira zaka anapangidwa ochuluka, ndiye musayembekezere kuti adzakwera kwenikweni. Amene amagwira mtengo ndi osowa, monga Order of Sukhbaatar ndi mitundu yoyambirira ya Order of the Red Banner ya 1926, ndipo ndi omwewonso amene achinyengo amawakonda. Mukadzafika pamenepo musadzagule popanda kuonetsa zithunzi kwa otolera anzanu. Ndipo mukadzapita ku Ulaanbaatar n'kuona zinthu pa msika wa Narantuul, funsani kaye za chilolezo, chifukwa dzikolo lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale kuti zisamangotuluka.

Za mapaundi 300 sindinganene kuti inde kapena ayi ndisanaone. Mupempheni zithunzi zowala bwino: kumaso, kumsana nati itachotsedwa, nambala pafupi, ndi masamba onse a kabuku. Mufunseninso ngati avomera kubweza ndalama ikapezeka kuti si yeniyeni, ndipo alembe zimenezo pa lisiti. Wokana zimenezi musiyeni apite nayo.

Wa ku Leicester:

Ndamulembera uthenga. Wavomera zithunzi ndi kuyeza pa sikelo Loweruka, koma za kubweza ndalama sanayankhebe. Panopa ndayamba kukopera malonda akale a Polar Star za sikuluwu zokhazokha, za chidindo pazokha ndi zopanda chidindo pazokha. Bambo a masitampa, zithunzi zikafika ndiziika pansi pa uthenga wanu womalizawu. Ngati pa gulu pano pali amene amawerenga Chimongoliya, kaya anaphunzira ku Russia kapena anagwirako ntchito ku Ulaanbaatar, chonde adzanditanthauzire tsiku ndi dzina la ofesi imene inadinda kabukuko.