Vanishi akutuluka timathovu pa tebulo la oak, thandizeni

Wa ku Moatize: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Kasitomala anabweretsa zitseko za kabati yakale ya oak imene anachokera nayo ku Johannesburg, akuti ndimupangire pamwamba pa tebulo lodyera. Ndalumikiza bwinobwino, ndapala ndi lisha (sandipepa) wa nambala 120 kenako 180 mpaka 220, koma ndikangopaka vanishi pakutuluka timathovu, tikauma tikusiya timaenje ngati pabayidwa ndi singano, ndiye chakumapeto kwatulukanso madontho akuda ngati inki. Ndapala kawiri, chitini chatha, mwini wake akulifuna Loweruka. Pa mlombwa ndi chanfuta sindinazionepo zimenezi.

Madala a ku Ulongwe: Matabwawo ndi aawisi mwana wanga. Aimike pamthunzi milungu iwiri.

Wa ku Moatize: Madala, kabatiyo yakhala m'nyumba zaka zambirimbiri, uwisi uchokera kuti?

Wa ku Zóbuè: Achimwene mukupaka nthawi yanji? Oak si mlombwa, tayang'anani kumutu kwa thabwalo muona timabowo tambirimbiri totseguka. Mukapaka cha m'ma 10 pansi pa malata a ku Moatize kumene kumapitirira madigiri 40 nyengo yotentha, thabwa likutentha, mpweya wa m'timabowomo ukufufuma nkutuluka kudzera mu vanishi, ndiye pamwamba pauma kale msanga, thovu silitsekekanso. Pakani dzuwa likupendeka thabwa likuyamba kuzizira, pamenepo limakoka vanishi m'kati. Koti yoyamba ikhale yamadzimadzi, thirani thina amene walembedwa pachitinipo, osati petulo. Ndipo chitini osachikhutchumula, takasani ndi kamtengo pang'onopang'ono.

Wa ku Moatize: Ndimapakadi m'mawa, ndimati ndithawe fumbi la malasha la madzulo.

Wa ku Furancungo: Fumbilo ndi nkhani ina, wazani madzi pansi mutseke chitseko. Ine ndifunse za madontho akudawo, simunapukute ndi waya uja wotsukira mapoto? Oak ali ndi tannin wambiri, mankhwala achilengedwe a m'thabwamo, akakumana ndi chitsulo pali chinyezi amada bii. Ngakhale kilampu yachitsulo ikagona pa guluu wosauma imasiya chizindikiro. Lisha sachotsa msanga chifukwa zimalowa m'kati. Chimene chimachotsa ndi asidi wa oxalic wosungunula m'madzi ofunda, koma mupake tebulo lonse osati pa dontho pokha, apo ayi likhala mawangamawanga. Valani magolovesi, mutsuke ndi madzi kangapo, ndipo popala pambuyo pake mutseke mphuno, fumbi lake limapweteka pachifuwa.

Madala a ku Ulongwe: Ngati chitsulo chadetsa ndiye kuti chinyezi chilimo. Ndi zomwe ndanena zija, aawisi.

Wa ku Furancungo: Chinyezi cha nsanza yonyowa yopukutira fumbi chimakwana madala.

Wa ku Tsangano: Zandikumbutsa chaka china nthawi ya mvula ndinapaka vanishi pa zitseko zisanu ndi chimodzi za tchalitchi kuno kumapiri, kukucha zonse zayera ngati wawaza ufa, chinyezi chinatsekeredwa pansi pa mankhwala. Ndinapala sabata yathunthu ndi manja, magetsi kunalibe, ndalama yonse inathera lisha. Kuyambira pamenepo kukachita nkhungu sindigwira bulashi. Koma inu achimwene samalaninso ndi polishi, kabati yakale imakhala itapoperedwa polishi uja wa m'chitini zaka zonsezo, ali ndi mankhwala oterera otchedwa silikoni, vanishi amathawa nkusiya timabwalo ngati diso la nsomba. Zikakhala zimenezo kupaka madzulo sikuthandiza.

Wa ku Zóbuè: Eya, muonetsetse kaye, ndi timaenje ta singano kapena timabwalo totambalala? Mankhwala ake ndi osiyana. Musapakenso koti yokhuthala poganiza kuti ikwirira, mungowonjezera ntchito. Yesani pa chidutswa chotsala, osati patebulo la mwini.

Wina wa ku Dómuè: Bwanji osangopaka mafuta a linseed basi?

Wa ku Tsangano: Pa tebulo lodyera ayi, kapu ya tiyi isiya mkombero tsiku loyamba. Komanso nsanza za mafuta amenewo mukaziunjika zimatentha zokha mpaka kuyaka, ziyanikeni panja chotambasula.

Madala a ku Ulongwe: Ine ndapala matabwa musanabadwe nonsenu. Thabwa louma silichita thovu. Milungu iwiri pamthunzi, kasitomalayo adikire.

Wina wa ku Dómuè: Asidi wa oxalic ameneyu akupezeka mu Tete momwemo kapena mpaka kuwoloka ku Dedza? Ndili ndi chitseko cha mbawa chadetsedwa ndi misomali.