Makhadi opeta ndi ulusi akung'ambika, ndithandizeni nzeru

Membala wosatchula dzina:

Moni nonse pagulu pano. A admin chonde ivomerezeni msanga, masiku andithera.

Ntchito ya singano si yachilendo kwa ine. Nsalu za patebulo, mapilo, zovundikira mipando, ndakhala ndikupeta kuyambira ndili mtsikana. Chaka chino ndinaona pa intaneti anthu akupeta maluwa papepala n'kupanga makhadi a mafuno abwino, ndiye ndinati nane ndiyese. Oyambirira ndinangogawira abale, koma amayi a kumpingo kwathu atawaona andipatsa oda ya makhadi a Tsiku la Anakubala. Pa 15 Okutobala si patali, koma makhadi ambiri amene ndikuyamba akuthera kudzala.

Vuto lalikulu ndi kung'ambika. Ndikamapeta duwa, pakati pake pamene ulusi wonse umakumana pamabooka chibowo, duwa lonse n'kulefuka. Pa zilembo ndiye osanena. Mawu akuti "Amayi", pokhota pa "a" ndi pa "m", timabowo timalumikizana pepala n'kuduka ngati pong'ambira lisiti. Ndikugwiritsa ntchito manila wa m'mashopu a zolembera, ulusi wopetera uja wa timitolo, ndi singano yomweyo ndimapetera nsalu. Ndimajambula ndi pensulo pakhadi pomwepo n'kumasoka motsatira mzere.

Kumbuyo nako n'kochititsa manyazi. Mfundo zili tumphutumphu, munthu akatsegula khadi amayamba waona chipwirikiti cha ulusi asanawerenge uthenga. Ndinayesa kumatapo pepala lina ndi guluu wa matabwa, khadi lonse n'kupindika.

Inu amene mumaidziwa ntchitoyi, vuto lili pati? Ndi pepala, ulusi, kapena dzanja langa? Komanso mtengo mumawerengera bwanji, poti khadi limodzi likumandidyera madzulo onse?

Mayi wina wa ku Zomba:

Achemwali, dzanja lanu lilibe mlandu, kungoti lazolowera nsalu. Pansalu singano imadutsa pakati pa ulusi wa nsaluyo, mukaizula malowo amabwererana. Papepala singano imadula, ndipo bowo likabooka labooka basi. Ndiye musamaboole uku mukusoka. Ndi ntchito ziwiri zosiyana: muyambe mwaboola timabowo tonse, mukamaliza m'pamene mulowetse ulusi m'singano.

Ine ndimachita chonchi. Chithunzi ndimajambula papepala lina lopyapyala, osati pakhadi, kenako ndimaika timadontho m'mizere monse momwe singano idzadutse. Pepalalo ndimalisanjika pamwamba pa khadi, n'kupana ndi timawaya topanira mapepala kuti lisasunthe. Pansi ndimaika patapata wakutha, wotsuka bwino. Musaseke, palibe chomuposa: ndi wofewa moti singano imalowa, koma salola khadi kubonyoka. Siponji ya matiresi ndi yofewa kwambiri, khadi limakwinyika. Choboolera ndi singano wamba imene ndinaizika chakumaso kwake m'kamtengo kuti ndizigwira ngati cholembera. Muziboola singano ili chilili, osapendeketsa, ndipo muziyambira kumaso kwa khadi kuti timapepala totukuka tija tipite kumbuyo.

Tsono nkhani yagona pa mpata. Bowo ndi bowo zisayandikane kuposa mamilimita 2, ndipo poti mukuyamba kumene, pangani 3. Pa zilembo zanu zija timabowo tikulumikizana chifukwa mukufuna pokhota paoneke posalala ngati pansalu, ndiye mukusoka tifupitifupi. Kulitsani zilembo kuti pokhota pakhale malo. Mukamaliza kuboola, kwezani khadi kudzuwa muone ngati palibe dontho lomwe mwadumpha.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri amayi. Nanga pakati pa duwa, poti pamenepo ulusi umayenera kulowa kambirimbiri pabowo limodzi?

Mayi wa ku Zomba uja:

Bowo la pakati muziliboola dala lalikulu, ndi singano yonenepa kapena kamsomali, ndipo kumbuyo kwake mumatepo kachidutswa ka pepala musanaboole kuti pakhale pochindikala. Komanso ndikufunseni, ulusi mukuugwiritsa wonse mmene ulili?

Wofunsa:

Ndikumaugawa pakati, timaulusi titatu.

Mtsikana wina wa ku Area 25:

Asisi, titatu tachuluka. Ulusi wa timitolowu, kaya ndi DMC kaya Anchor, umakhala ndi timaulusi 6 topotana. Papepala kamodzi kakukwana, tiwiri ngati mukufuna mzere uoneke patali. Ndiye taganizani, kamtolo ka DMC ndi mamita 8, mukamasolola kamodzikamodzi mwapeza mamita 48. Mmene zinthu zochokera kunja zakwerera chigwereni kwacha mu Novembala 2023, imeneyo si nkhani yaing'ono. Ine masiku ano ndinasamukira ku ulusi wonyezimira uja amapetera pa makina. Ndi woonda, woterera, sudya pepala podutsa, ndipo atelala ena amakugulitsa zotsalira zawo motchipa.

Singano ikhale yoonda kuposa bowo, izingodutsa osakulitsa. Ulusi muzidula waufupi, kuchokera kuchala kufika pachigongono, chifukwa wautali umakolana ndiye pokoka m'pamene ngozi imachitika. Kukokako musamakokere cham'mbali kulozera bowo linzake, pamenepo ulusi umacheka pepala. Kokerani mmwamba molunjika, ukangogona pansi siyani. Ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno, sambani m'manja pafupipafupi, thukuta ndi mafuta odzola zimasiya zidindo pakhadi loyera zomwe sizichoka.

Bambo wina wogwira ntchito yosindikiza ku Limbe:

Mayi, za ulusi ndasiyira azimayi anzanu, ine ndinenepo za pepala poti ndi limene ndimaswera nalo. Mukapita kogula muzifunsa gsm, ndiko kulemera kwa pepala. Limene timasindikizira makalata muofesi ndi 80 gsm. Pa ntchito yanuyi funani khadi la pakati pa 200 ndi 250. Manila wambiri wa ana asukulu safika pamenepo, n'chifukwa chake akukugwiritsani mwala. La 300 ndi lolimba ndithu koma limatopetsa poboola ndipo limasweka popinda. Lonyezimira lija lopakidwa pamwamba musagule, limathetheka kuzungulira bowo. Funani losanyezimira.

Musathamangire kugula mapepala athunthu. Pitani kumene amasindikiza makhadi a ukwati mukapemphe zodulira zotsala. Zimakhala zamitundu yokongola, ndipo ambiri amangozitaya kapena kugulitsa pamtengo wozizira.

Zimenezi zikuthandizaninso pa vuto la kumbuyo lija. Musamapete pakhadi lenilenilo. Petani pakachidutswa kapadera, mukamaliza mukamate kutsogolo kwa khadi lopinda kale. Chipwirikiti chonse chabisika, mkati mwa khadi muli mbee, ndipo kakang'ambika mwataya kachidutswa kokha.

Pa saizi musavutike kuyeza zanuzanu. A4 mukaidula pakati mwapeza ma A5 awiri, iliyonse mukaipinda yasanduka A6, mamilimita 105 kwa 148, imene imalowa bwinobwino mu envelopu ya C6 yopezeka paliponse. Ndiye A4 imodzi, makhadi awiri. Kachidutswa kopetako kachepe ndi theka la sentimita mbali zonse kuti m'mphepete muoneke. Musanapinde, ikani rula ndi kudutsitsapo cholembera chakutha inki kuti pakhale kanjira. Chinanso chimene ambiri sadziwa: pepala lili ndi mbali imene limapindika mosavuta. Likhotetseni pang'ono uku ndi uku, mudzamva kumene likufewera. Mukapinda motsatira kumeneko msana wa khadi susweka.

Guluu wa matabwa ali ndi madzi ambiri, pepala limamwa n'kufufuma mbali imodzi, ndiko kupindikako. Gulani tepi yomata mbali zonse ziwiri. Ikasowa, pakani guluu wouma uja wa ana asukulu m'mphepete mokha, kenako tsindikani ndi mabuku olemera usiku wonse.

Mtsikana wa ku Area 25 uja:

Ndinaiwala za mfundo. Papepala sitimanga mfundo asisi. Kansonga ka ulusi mumangokagoneka kumbuyo n'kukamata ndi kaselotepu, poyamba ndi pomaliza pomwe.

Mayi wa ku Zomba uja:

Apo pokha ndikutsutsa mwanawe. Selotepu wowala uja pakapita zaka amasanduka wachikasu, amamatuka, ndipo amasiya banga lamafuta lotulukira kumaso. Bola tepi ya pepala imene amagwiritsa ntchito opaka penti, kapena kachidutswa ka pepala ndi kaguluu pang'ono.

Mtsikana wa ku Area 25 uja:

Koma amayi, khadi ndani amasunga zaka zonsezo?

Mayi wa ku Zomba uja:

Katsegule sutikesi ya agogo ako kumudzi ukaone. Anthu amene akupangiridwa makhadiwa ndi omwe aja sataya ngakhale kalata ya ubatizo ya mwana amene pano ali ndi zidzukulu.

Mnyamata wina:

Koma zoona anthu akugulabe makhadi chaka chino? Ife timangoika chithunzi cha amayi pa WhatsApp basi. Komanso amayi anga kuwapatsa pepala pa 15 Okutobala popanda chitenje ndi shuga, angandithamangitse pakhomo.

Wofunsa:

Achimwene, chitenje chisasowe ndithu. Khadi likupita pamwamba pa chitenjecho, ndipo ena akuti aikamo kandalama mkati. Nanga amayi anuwo pa WhatsApp alipo, kapena chithunzicho timaona ndife?

Mphunzitsi wina wa masamu ku Kasungu:

Mayi, pa vuto la pakati pa duwa pali njira ina yongolizemba, yopanda bowo la pakati n'komwe. Ndimachita ndi ana m'kalasi. Inatchuka ndi Mary Everest Boole wa ku England, mkazi wa katswiri wa masamu George Boole, amene cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankaphunzitsa ana masamu powasoketsa ulusi pamakhadi obooledwa. Chinsinsi chake n'chakuti mizere yowongoka yokhayokha, ikasanjidwa bwino, imatulutsa chinthu chokhota.

Jambulani bwalo la masentimita 5 kutambalala kwake. M'mphepete mwake ikani timadontho 36, kutanthauza dontho limodzi pa madigiri 10 aliwonse. Mwana wasukulu aliyense ali ndi choyezera madigiri m'kabokosi kake ka masamu, bwerekani. Pa saizi imeneyi timabowo titalikirana kuposa mamilimita 4, ndiye kung'ambika kulibe. Tsono tulutsani singano pa bowo 1, lowetsani pa 12. Kumbuyo sunthirani pa 13, tulukani, bwererani kumaso mpaka pa 2. Kumbuyo pitani pa 3, kumaso mpaka pa 14, kenako 15 kupita pa 4. Pitirizani choncho mpaka mutazungulira, bowo lililonse lilandire ulusi kawiri. Mudzaona pakati patsala kabwalo koyera kosalala, chonsecho simunakhotetse ulusi paliponse. Mukamadumpha mabowo ambiri kabwaloko kamachepa, mukadumpha ochepa kamakula. Mukhoza kubwereza ndi ulusi wa mtundu wina pa mabowo omwewo, kudumpha mosiyana, likhala duwa la mitundu iwiri. Pakatipo matanipo mkanda kapena kachidutswa kozungulira ka chitenje.

Ubwino wina, kumbuyo ulusi umangoyenda kuchoka pa bowo kupita loyandikana nalo, ndiye suwonongeka wambiri.

Wofunsa:

Aphunzitsi, masamu ndinawathawa kalekale koma izi ndamva. Ndiyesa usiku uno magetsi akakhalapo.

Mayi wina wa geni ya zamanja ku Mangochi:

Za mtengo palibe wayankha, ndiye ndiyankhe ine amene ndimagulitsa. Anthu a zamanja timadzibera tokha chifukwa timawerengera ulusi ndi pepala basi. Lembani zonse: khadi, kachidutswa kopetapo, ulusi, tepi, envelopu, kapulasitiki kokutira, ndi minibasi yokagula zinthuzo. Kenako ikani foni pambali muone khadi limodzi likutenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mudzifunse kuti nthawi yomweyo mukanapeta pilo mukanapeza zingati. Mtengo wa khadi usatsike pamenepo. Ngati anthu anu sangafike mtengo umenewo, musatsitse mtengo, chepetsani ntchito.

Ndipo ntchito yoyamba kuchotsa ndi zilembo. Zimadya nthawi kuposa duwa, ndiponso ndi zimene zikukung'ambirani mapepala. Petani duwa, mawu mulembe ndi cholembera chabwino mkati. Wofuna dzina la mayi ake lopeta alipire mwapadera. Pa oda yaikulu chonchi musapange dizayini yosiyana khadi lililonse, sankhani ziwiri kapena zitatu, muzingosintha mtundu wa ulusi. Pepala la timadontho lija lichititseni fotokope lisanabooke, chifukwa likagwira ntchito kangapo mabowo ake amakula n'kuyamba kukusocheretsani. Tsiku limodzi muziboola okhaokha, tsiku lina kupeta, lina kumata. Zimafulumira kuposa kumaliza limodzilimodzi.

Amayi a kumpingo ndi anzathu, koma theka la ndalama atsogoze. Ndanena.

Kuno kunyanja alendo amakonda makhadi a pepala lopangidwa pamanja, longa limene a PAMET ku Blantyre amadziwika nalo. Ngati mudzafune msika umenewo, pepala loterolo likhale khadi lakunja, kopetako kakhalebe ka khadi losalala. Komanso a Khirisimasi muwayambe mvula isanagwe, ndipo muziwasunga m'pulasitiki yotseka, chifukwa chinyezi chimafewetsa pepala, mabowo n'kumatambasuka.

Wofunsa:

Abale, ndabweranso. Ndapeza zodulira kosindikiza kuja, ndaboola pa patapata, ndagwiritsa kaulusi kamodzi. Bwalo la aphunzitsi latuluka bwino moti mwana wanga akukana kuti ndapanga ndine. Funso latsala limodzi: ndili ndi makhadi akale angapo amene anang'ambika malo amodzi okha, kwina konse ali bwino. Pali mankhwala ake kapena ndingotaya?

Mayi wa ku Zomba uja:

Musataye. Masulani ulusi pamalopo, bwezeretsani pong'ambikapo ndi chikhadabo, matani kachidutswa ka pepala lopyapyala kumbuyo, dikirani kaume, kenako boolaninso ndi kusoka mosakoka. Ngati chipsera chikuonekabe kumaso, sokeranipo mkanda kapena katsamba. Ndiye dulani mbali yopetayo ikhale kachidutswa, mukamate pakhadi latsopano monga ananenera bambo a ku Limbe. Okhawo amene zilembo zinadukiratu, amenewo asiyeni, muziyeserapo ulusi watsopano.