Maola 8 okha ku Tunisia ndi amayi a zaka 70, titsike tokha kapena titsatire gulu?

Ngozo_Ulongwe

Moni nonse abale. Ndikudziwa ena museka kuti munthu wa ku Angónia akukatani ku Tunisia mbatatesi zisanakumbidwe kkkk koma ndithandizeni kaye. Achemwali anga amagwira ntchito yaunamwino ku Italy ndiye amayi akukwanitsa zaka 70 mu Julayi muno, iwo atigulira matikiti a sitima yapamadzi ija ya alendo, amati kruzeiro, sabata imodzi, kunyamukira ku Genova kudutsa Palermo kenako tsiku limodzi ku Tunisia pa doko la La Goulette, kenako Barcelona ndi Marseille. Ine ndikupita ngati wonyamula zikwama basi.

Papepala alemba kuti tifika 9 koloko m'mawa, sitima inyamuka 5 madzulo. Eni sitima akugulitsa maulendo awo a basi koma mtengo wake ndausintha kukhala metikali anthu atatu mutu wandiwawa. Ndiye funso, kodi munthu angatsike yekha n'kukwera taxi? Ndalama amalandira yuro? Amayi mawondo amavuta, kuyenda kwawo ndi kuchoka kunyumba kukafika ku tchalitchi basi. China, dzina lawo laubatizo ndi Perpetua, anabatizidwa ku Lifidzi, ndipo padre wina anawauza kalekale kuti woyera wawo anafera dziko limeneli. Chimvereni za ulendowu sakukamba za Barcelona ayi, akungoti ndikaone pamene anafera mnzanga wa dzina. Kodi malowo ali pafupi ndi doko?

Mano_Zito_Moatize

Epa achimwene, mwayi umenewo! Ine ndinagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'masitima amenewa, ndinayambira aja ochokera ku Durban kupita ku Pomene kenako ananditumiza ku Mediterranean, La Goulette ndatsikapo kangapo. Musanaganize za taxi yambani mwaona viza. Pasipoti yathu ya Mozambique imafuna viza ya Schengen, ija yolowera gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya, kuti mulowe Italy, izo mukudziwa, koma chimene ambiri sadziwa n'choti Tunisia ili kunja kwa Schengen. Sitima ikaima kumeneko ndiye kuti mwatuluka, pofika ku Barcelona mukulowanso kachiwiri. Ngati viza yanu ndi yolowera kamodzi kokha akhoza kukukanizani kukwera ku Genova komweko, amayi atavala kale duku latsopano. Pemphani yolowera kangapo ndipo pepala la ulendo wonse wa sitima muliike m'mafomu. Segulo (inshuwalansi) ya kuchipatala yofika 30,000 yuro amafunanso. Za chilolezo cha Tunisia yeniyeni achemwali alembere kampani ya sitimayo atchule kuti pasipoti ndi ya Mozambique, ndipo yankho likhale lolemba osati la pafoni, chifukwa wa pafoni amangoyankha ngati akuyankha mzungu wa ku Milano.

Chachiwiri nthawi, apa ndi pamene ndinaona anthu akulira. Mu Julayi nthawi ya ku Italy imafanana ndi yathu ya kuno, koma Tunisia ili ola limodzi m'mbuyo. Foni ikangogwira netiweki ya kumeneko imadzisintha yokha, inu muziti ikadali 3 koloko pamene wotchi ya m'sitima ikhoza kukhala pa 4. Funsani usiku wake kuti sitima ikuyendera nthawi iti, muvale wotchi ya pamkono. Ndipo akati inyamuka 5 ndiye kuti chitseko amatseka isanakwane 5, nthawi yake amalemba pachikwangwani potsikira, ijambuleni. Amene apita ndi basi ya sitima akachedwa amawadikira, amene mwapita panokha sakudikirani, si chapa cha ku Zóbuè choti kondakitala akuwa kuti dikirani pali mayi akubwera.

Taxi zilipo zambiri pageti, zachikasu. Gwirizanani mtengo wa tsiku lonse musanakwere, alembe papepala, mulipire pomaliza atakubwezani padoko. Ndalama yawo ndi dinar ndipo saloleza kutuluka nayo m'dziko ndiye musinthe pang'ono chabe. Dinar imodzi ili ndi ma millime 1000, mukaona mtengo walembedwa 5.000 musakomoke, ndi madinar asanu. Oyendetsa taxi ndi ogulitsa zinthu kwa alendo yuro amalandira, koma pa geti pa malo akale khalani ndi dinar.

Tia_Nagama_Tete

Mwanawe, ine ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi ndipo cholakwa chathu tinafuna kuona zonse tsiku limodzi. Tinatenga ulendo uja wa basi wa zonse pamodzi, medina, Carthage, Sidi Bou Said. Chimene ndikukumbukira bwino ndi msana wa wotitsogolera atanyamula kambendera ife tikuthamanga pambuyo pake ngati anapiye.

Medina ndi mzinda wakale wa Tunis, umalowera pa chipata cha Bab el Bhar kumapeto kwa msewu wa Avenue de France umene umapitiriza msewu waukulu uja wa Habib Bourguiba, n'kumakwera tinjira topanikiza mpaka pa mzikiti wa Zitouna. Ndi kokongola, sindinama, zitseko zokhomedwa misomali yakuda ngati maluwa, fungo la mafuta onunkhira, amisiri akusula mbale zamkuwa ngo ngo ngo pakhomo pomwepo. Koma pansi ndi miyala yoterera, anthu ali pikitipikiti kuposa pa Kwachena tsiku lamalipiro, ndipo palibe pokhala. Ife wotitsogolera anatiuza kuti tikwere padenga la nyumba ina tikaone mzinda wonse, tinakwera masitepe mpaka mpweya kutha, kuona tinaonadi, koma potsika njira inali imodzi yokha yodutsa m'sitolo ya makalapeti, atitsekeramo pafupifupi ola akutiyalira makalapeti ndi kutipatsa tiyi. Ine wa ku Tete kalapeti ndikaiyale pati, kutentha kwake kuja? Ndinagula kabotolo ka mafuta a jasmine kuti andisiye. Mtengo woyamba umene akutchula usavomere, kunenerera ndi mwambo wawo ndipo sakwiya, ife a kuno zimenezo sitiphunzitsidwa. Chifalansa ndi Chiarabu ndiye zilankhulo zawo, koma ukalankhula Chipwitikizi pang'onopang'ono ogulitsa ambiri amatola chifukwa anazolowera Ataliyana ndi a ku Spain.

Sidi Bou Said ndi kamudzi ka paphiri koyang'ana nyanja, nyumba zonse zoyera zitseko ndi mawindo zabuluu. Zithunzi zimatuluka bwino kwambiri. Koma ndi chitunda mwanawe, galimoto imakusiyani m'munsi. Amayi ako akakhale pa kafe yoyamba imene muipeze amwe tiyi wa timbewu tonunkhira amene amaikamo tinjere toyera ta mtengo wa paini, iwe ukwere wekha ukawagulire bambalouni, ndi mandasi aakulu aboo pakati owaza shuga, otentha. Chakudya china yesani brik, kachinthu kopyapyala kokazinga kali ndi dzira losapsetsa m'kati, ukaluma mosasamala limatsikira pabulauzi, ine zinandichitikira. Harissa wawo ndi tsabola wosinja, amawawa koma kambuzi wathu amamuposa.

Dzuwa la Julayi kumeneko si masewera, ife a mu mzinda wa Tete tinazolowera koma inu a ku Ulongwe mudzakhala mukuchokera m'chisanu cha mwezi wa 7 ndi majuzi anu. Madzi, chipewa, ambulera.

Katekisita_wa_ku_Domue

A Ngozo, uzani amayi kuti padre uja sananame ndipo malowo ali pafupi, Carthage ili kufupi ndi doko kuposa mzinda wa Tunis weniweni. Perpetua anali mayi wachitsikana wa zaka ngati 22 wa banja lolemera, ali ndi mwana woyamwa, ndipo Felista anali kapolo amene anachira m'ndende masiku ochepa asanaphedwe. Anawaponya m'bwalo lamasewera mu 203 nthawi ya mfumu Septimius Severus, anawatulutsira ng'ombe yaikazi yolusa kenako anawamaliza ndi lupanga. Tsiku lawo ndi 7 Malichi, ndipo maina awo amatchulidwa m'pemphero loyamba la Ukaristia, amayi anawamvapo pa Misa kambirimbiri. Perpetua analemba yekha zimene zinkamuchitikira m'ndendemo, mpaka bambo ake kubwera kudzamudandaulira kuti akane chikhristu chifukwa cha imvi zawo.

Bwalolo mukauze wa taxi kuti amphithéâtre de Carthage. Koma muwakonzekeretse mtima amayi, asayembekeze chinyumba chachikulu ngati cha ku Roma. Miyala yambiri anthu anagumula kalekale kukamangira nyumba zina, chatsala ndi bwalo lozungulira, makoma afupiafupi, tizipinda ta pansi ndi chikumbutso cha oyera awiriwa, kuzungulira kuli mitengo ya paini. Ubwino wake ndi pamalo osakwera ndipo magulu a basi ambiri sakhalitsapo, munthu ukhoza kunena kolona yonse mwabata. N'chifukwa chake ine ndikuti musatenge ulendo wa gulu, iwo amathamangira ku mabafa a Antoninus, mabwinja a malo osambira a Aroma m'mbali mwa nyanja, pabwalopa mwina angokulozerani pawindo.

Carthage si malo amodzi, ndi mabwinja omwazikana pakati pa nyumba za anthu olemera, tikiti imodzi imakulowetsani malo angapo. Mzinda woyamba, uja wa Hannibal amene anaoloka mapiri a Alps ndi njovu, Aroma anauwononga mu 146 Yesu asanabadwe n'kudzamanganso wawo pamwamba pake. Mukakwera pa phiri la Byrsa, galimoto imafika pamwamba, mudzaona doko ndi sitima yanu. Pomwepo pali tchalitchi chachikulu cha Saint Louis chimene anamangitsa Kadinala Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha White Fathers, omwe aja anatsegula mishoni ya Mua kutsidya kuno ku Dedza mu 1902. Pano sachitiramonso Misa. Cyprian woyera anali episkopi wa mzinda womwewu, anadulidwa mutu mu 258, ndipo Augustino anaphunzira sukulu komweko. Timati chikhristu chinabwera ndi azungu koma anthu awa anali a mu Africa muno, Ulaya wambiri asanabatizidwe.

Chikondi_Zobue

Ine sindinapiteko koma palibe amene wanena za chitetezo. Pa 18 Malichi 2015 zigawenga zinawombera alendo ku nyumba yosungira zakale ya Bardo ku Tunis, anthu oposa 20 anafa ndipo ambiri anali otsika m'masitima ngati yanuyi. Komanso 2023 pulezidenti wawo Kais Saied analankhula zoipa za anthu akuda olowa m'dzikomo kuchokera kumwera kwa Sahara, anthu anathamangitsidwa m'nyumba za lendi ena kumenyedwa. Inu ndi amayi khungu lanu ndi lomwelo. Osangokhala m'sitima tsiku limenelo bwanji, chakudya chili kale cholipiridwa?

Mano_Zito_Moatize

Asisi zonse mwanenazo ndi zoona, za Bardo masitima anasiya kuima ku Tunisia kwa nthawi ndithu chifukwa cha zomwezo. Pano apolisi ali paliponse pamalo a alendo. Za khungu sindingakunamizeni kuti kulibe, ine wapolisi anandiimitsapo kundifunsa mapepala anzanga achizungu akungodutsa, ndinamuonetsa khadi la sitima anandisiya. Ndiye khadi limenelo ndi pasipoti kapena kopi yake zisachoke m'thumba, ndipo musapite kumakwalala akutali ndi kumene kuli alendo. Ku Carthage ndi Sidi Bou Said ndi kwa mabwana, nyumba ya pulezidenti ili komweko moyandikana ndi mabafa a Antoninus, kamera musalozetse mbali imeneyo asilikali sakonda. Sitima yapamtunda ya TGM imadutsa La Goulette, Carthage mpaka La Marsa ndipo ndi yotchipa zedi koma ku Carthage kokha masiteshoni alipo 6, mukatsika polakwika amayi ayenda wapansi padzuwa. Taxi basi.

Ngozo_Ulongwe

Obrigado nonse, a Katekisita ndawawerengera amayi zimene mwalemba mpaka anagwetsa misozi pa nkhani ya mwana woyamwa ija. Za viza ndawaimbira achemwali usiku womwewu, pafomu anali atachonga kale yolowera kamodzi, Mano Zito mwatipulumutsa ndikadzafika ku Moatize fanta ndi yanga. Tagwirizana chonchi, taxi kuchokera padoko, bwalo la Perpetua m'mawa kusanatenthe, Byrsa, kenako tiyi ndi mandasi aja a Tia Nagama, 2 koloko ya pa wotchi ya sitima tikhale tikubwerera. Medina ndaisiya, achemwali akadandaula apite okha akagule kalapeti. Asisi Chikondi ndamva, koma kuwauza amayi kuti akhale m'sitima malowo akuwaonera patali, ine sindingathe, kawauzeni ndinu.

Tsopano ayambitsa ina, akuti akatape dothi la pabwalopo m'kabotolo abwere nalo ku Lifidzi. Mano, pa eyapoti salanda zimenezi?