Zotsatira pa nkhani ya phokoso la msewu m'galimoto yanga

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lokhudza phokoso la msewu limene linkamveka kwambiri m'galimoto yanga ya Toyota Probox, makamaka ndikamayenda pa tala wokhakhala.

Ndinayamba ndi malangizo otchipa, oti ndisinthe mphira wa m'mbali mwa zitseko umene unali utauma, ndipo mluzu wa mphepo unatheratu. Kenaka ndinamata mapepala a butyl (mphira wofewa womata) okhala ndi aluminiyamu pamwamba m'kati mwa zitseko, pansi pa kapeti ndiponso pachitsulo chokuta matayala a kumbuyo, pamene phokoso lambiri limalowera. Sindinakute chitsulo chonse, chifukwa ntchito ya butyl ndi kuletsa chitsulo kunjenjemera, ndipo kumata pakati pa malo osalala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, kumathandiza kale kwambiri. Pamwamba pake ndinayala siponji yolimba yosamwa madzi. Ya matiresi ndinaipewa chifukwa imasunga chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri.

Malangizo ogwiritsa ntchito mapepala a phula omatira madenga sindinawatsatire, popeza phula limafewa ndi kununkha galimoto ikakhalitsa padzuwa.

Phokoso silinatheretu, koma kulindima kwa kumbuyo kwachepa moti tsopano timacheza osakweza mawu. Lotsalalo likuchokera kumatayala, ndipo ndidzasankha ena osalira kwambiri amenewa akadzatha.

Amene mukufuna kuyesa, pukutani chitsulo ndi sipiriti musanamate, kanikizani pepalalo mwamphamvu kuti pasatsale mpweya, ndipo musatseke timabowo totulutsa madzi pansi pa zitseko.