Fansidar komanso mankhwala a njoka zam'mimba kwa mayi woyembekezera yemwe sakudwala

MayiWoyembekezera:
Ndili ndi pakati pa masabata 16, mimba yoyamba. Kusikelo andimwetsa mapiritsi atatu a Fansidar ndi lina limodzi la njoka zam'mimba, chonsecho sindikumva kuwawa paliponse, ndipo malungo sanandipeze nawo. Kodi mankhwalawa sangamupweteke mwana? Nanga tizilomboti n'toopsa bwanji kuti munthu azimwa mankhwala asakudwala?

Mzamba:
Mayi, mwachita bwino kumwa. Kuipa kwa malungo pa mimba n'kwakuti amabisala. Kachilombo ka Plasmodium falciparum kakalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amakamatirira mu nsengwa n'kuunjikana mmenemo. Magazi a pachala angaoneke opanda kanthu, thupi osatentha n'komwe, pomwe nsengwa yadzaza tizilombo. Nsengwa yotere sidutsitsa bwino chakudya ndi mpweya, ndiye mwana amanyentchera ali m'mimba, n'kubadwa wosakwana makilogalamu 2.5 kapena masiku asanakwane. Pena mayi amapita padera, pena mwana amafera m'mimba. Mimba yoyamba ngati yanuyi ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa thupi limakhala lisanaphunzire kulimbana ndi tizilombo tomatirira mu nsengwa. Kwa mayi yemwe ali ndi HIV, chiopsezo chimakhala chachikulu pa mimba iliyonse.

Kamwedwe ka Fansidar, kapena kuti SP, m'madera a malungo ndi aka: amayamba mimba ikafika masabata 13, mapiritsi atatu nthawi imodzi, pamaso pa azamba, ndipo pakati pa ulendo wina ndi unzake pazidutsa mwezi wathunthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi amwe kosachepera katatu asanachire. Apa ndiye poipa kuchedwa kuyamba sikelo, poti amene wabwera mimba ili ndi miyezi 7 amakhala atataya miyezi imene nsengwa ikanatetezedwa.

Pali zinthu zitatu zimene zimalakwika kawirikawiri. Mayi yemwe amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku sayenera kupatsidwa SP, chifukwa mankhwala awiriwa ndi apachibale ndipo kuwaphatikiza kumawonjezera mavuto ngati zilonda za pakhungu ndi m'kamwa. N'chimodzimodzinso yemwe thupi lake limadana ndi mankhwala a gulu la sulfa. Chachiwiri, folic acid (vitamini wothandiza kupanga magazi) wa 5 mg amafooketsa SP. Woyenera kumwera limodzi ndi wa 0.4 mg. Chachitatu, SP ndi woteteza chabe. Thupi likatentha musamwe Fansidar wina kunyumba, pitani mukayezetse tsiku lomwelo. Akapezeka malungo, mankhwala ake ndi LA: mapiritsi anayi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24, achiwiri pakatha maola 8 kuchokera pa oyamba, ndipo muzimwa mutadya chakudya cha mafuta pang'ono kuti alowe bwino m'magazi. Kuyambira mu 2022, WHO inavomereza LA ngakhale m'miyezi itatu yoyamba ya mimba.

Kukomoka, kusokonezeka mutu, kusanza chilichonse, kupuma mobanika kapena mkodzo wakuda, zimenezi n'zizindikiro za malungo aakulu, n'zogonera m'chipatala, amafunika artesunate wa jakisoni. Ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala muzigonamo usiku uliwonse, ngakhale mukumwa SP.

WakuLabu:
A Mzamba afotokoza bwino za malungo, ine ndiwonjezere za piritsi linalo. Liyenera kukhala albendazole wa 400 mg kapena mebendazole wa 500 mg, amene amamwedwa kamodzi miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Makamaka amalimbana ndi njoka zoyamwa magazi. Timphutsi take timakhala m'dothi momwe muli chimbudzi cha munthu, timaboola khungu la kuphazi, kenako timakakhazikika m'matumbo n'kumayamwa magazi tsiku ndi tsiku. Mwanayo sizimugwira, koma zimalanda ayironi yemwe mayi ndi mwana akugawana.

Malungo akuswa maselo a magazi uku, njoka zikuyamwa uku, mathero ake ndi kuchepa magazi. Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, ikatsika kusafika 11 ndiye kuti magazi achepa, ikatsika kusafika 7 zafika poopsa. Mayi wotere magazi ochepa okha amene wataya pochira angamutengere kuli chete. Dzitsegulireni chikope cha m'munsi pagalasi: chikakhala chotuwa m'malo mofiira, kapena mukamachita phuma ndi ntchito yochepa, pemphani akuyezeni. Mapiritsi owonjezera magazi musamwere tiyi, amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Chimbudzi chikada musadabwe, ndi mmene amachitira.

Likodzo nalo tisaliiwale. Magazi othera kumapeto kwa mkodzo, kwa munthu amene amasamba kapena kuchapa m'madzi momwe muli nkhono, akayezetse mkodzo. Mazira ake amathanso kukhala m'njira yoberekera n'kumayambitsa kuyabwa, chikazi ndi kutaya magazi pogonana, mpaka ena kumayesa ndi matenda opatsirana pogonana. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amaperekedwa potengera kulemera, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, kotero mayi wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi a 600 mg, atadya kaye.

MayiWoyembekezera:
Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhala pansi. Nanga zoti mphaka ndi woopsa kwa mayi woyembekezera n'zoona?

DokotalaWaAna:
Zili ndi choonadi chake, Mayi, koma mphakayo musamuthamangitse. Nkhani ndi kachilombo ka Toxoplasma gondii, kamene mazira ake amatuluka m'ndowe za mphaka. Mazirawo sapatsira matenda akangotuluka, amafuna tsiku limodzi mpaka masiku asanu kuti akhwime. Choncho ndowe zizichotsedwa tsiku lililonse, ndipo azichotsa munthu wina. Ngati palibe, valani magolovesi n'kusamba m'manja ndi sopo. Njira zina zimene anthu saziganizira ndi dothi la kudimba, masamba ndi zipatso zosatsuka, madzi osawiritsa, ndiponso nyama yosapsa bwino. Nyama ipse mpaka m'kati, pasatsale pofiira, ndipo mpeni ndi thabwa lodulira nyama yaiwisi zitsukidwe zisanakhudze china.

Ngozi imakhalapo mayi akatenga kachilomboka koyamba ali ndi pakati. Iye mwina sangamve kalikonse, kapena angatupe timwanabele m'khosi basi. Mimba ikakhala yaing'ono kachilombo sikadutsa kawirikawiri kupita kwa mwana, koma kakadutsa kamawononga kwambiri: madzi kudzaza m'mutu, khunyu, zipsera m'kati mwa diso. Mimba ikakula kamadutsa mosavuta, ndipo mwana angabadwe wooneka bwinobwino, vuto la maso n'kudzaonekera patapita zaka. Kuyeza kwake ndi kwa magazi, kufufuza IgG ndi IgM, zomwe thupi limapanga likakumana ndi kachilomboka, ndipo zikaonetsa kuti mayi wangotenga kumene, madokotala amayamba ndi spiramycin pofuna kutsekereza kachilombo kasanafike kwa mwana. Fansidar amene mukumwayo musamudalire pa matenda amenewa, mlingo wake ndi wa malungo.

Mzamba:
Kamodzi katsala. Chikazi chachikasu kapena chobiriwira, cha thovu, chonunkha ndi choyabwa, chingakhale cha kachilombo ka Trichomonas, kamene kamayendera limodzi ndi kusweka msanga kwa nsupa komanso kubereka masiku asanakwane. Musachite manyazi kunena kusikelo. Metronidazole amachiza, koma bambo akunyumba nawonso amwe nthawi yomweyo ngakhale sakumva kanthu, ndipo mudikire kukhalira limodzi mpaka nonse mutamaliza mankhwala, apo ayi matendawo amabwereranso.